Pepala Limene Amayi Anadinda

Ngala
6 Malichi 2023

Mlongo wanga Zuhura,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka.

Kalatayi ndapatsira a Jamali, aja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni. Foni ndinathimitsa. Inali ya malemu mlamu wako Rukiya, ndipo azimayi ogula mpunga akuimbabe kufunsa ngati kilombero alipo. Ndinatopa n'kuwafotokozera.

Sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire Rukiya, itatha, akuchikazi ku Malengachanzi anandisudzula mwaulemu. Anandithokoza pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zimene ndinakhala pamudzi pawo, nandiperekeza mpaka pamsewu. Mwana wathu Tatu watsala ndi amayi ake aang'ono kuti apitirize sukulu. Ine ndabwerera kwa amayi. Ndikugona m'chipinda chija bambo ankasungiramo maukonde.

Amayi ali bwino. Miyendo ndiyo ikuvuta, ndipo diso lamanzere silionanso. Koma akukumbukira zonse. Dzulo anandikumbutsa kuti ndinataya nkhafi ya bambo ndili ndi zaka khumi.

Chimene ndakulembera ndi ichi. Lachinayi lapitali kunabwera amuna atatu pagalimoto yoyera. Anayeza malo athu ndi tepi, kuyambira pamkuyu mpaka kumchenga, nyumba ya amayi ili mkati. Nditawafunsa, anati ndikafunse achimwene a Sadick, chifukwa ndi amene ali ndi chikalata chowapatsa mphamvu zoimira amayi. Amayi anawatulutsira mipando ndi madzi akumwa. Ankayesa kuti ndi a kalembera.

Chikalata chimenechi ine sindichidziwa bwino. Pamene chinkalembedwa ndinali kuchipatala ndi Rukiya, ulendo woyamba uja. Ngati iwe ukudziwa kanthu, undiuze.

Ndine mlongo wako,
Useni

Mayfair, Johannesburg
29 Malichi 2023

Achimwene a Useni,

Waalaikumu salamu. Tili bwino, tikusala Ramadani m'nyumba za eni. Pepaninso ndi maliro a alamu. Tsiku limene ndinamva ndinakalirira kubafa kwa abwana anga, poti kuno ngakhale kulira kumafuna chilolezo.

Koma inu achimwene, chaka chino munthu n'kumalemba kalata ngati mukufunsira ntchito kwa Mzungu? Gulani simu ina. Kalata yanu yagona masabata awiri pansi pa matumba a ufa wa kondowole, yafika ikununkha.

Za chikalatacho musade nkhawa. Bambo atamwalira mu 2019, a penshoni ankafuna kuti amayi azipita okha ku Lilongwe, pamene anali atangochitidwa opaleshoni ya maso. Anapita kawiri, kachiwiriko anakomoka pamzere. Ndiye a Sadick anawatengera kwa loya, amayi n'kudinda chala kuti iwo aziwasainira. Ine ndinavomera pafoni. Inunso anakuuzani, koma nthawi imeneyo mutu wanu unali kuchipatala.

Ndawaimbira a Sadick. Akuti kuyezako n'kofuna kulembetsa malo kuboma, kuti anthu a maloji asadzatilande. Ine ndikuona kuti n'zanzeru. Masiku ano malo opanda pepala ndi a aliyense.

Ndikupempheni, musayambe kuwakayikira akulu anu mutangofika kumene. Ndi iwo amene asamala amayi zaka zonsezi, inu muli kumpunga, ine ndikukolopa m'nyumba za Amwenye. Komanso muzidya. Ndikukudziwani, mukakhumudwa mumakhalira tiyi.

A Jamali akamabwerera muwapatsire usipa wouma, osati uja wamchenga. Amayi muwapatse moni, muwauze kuti ndikuwasakira nsapato zofewa.

Mlongo wanu,
Zuhura

Dwangwa
12 Epulo 2023

Mphwanga Useni,

Moni. Ife kuno tili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka poti tikukonzekera kudula nzimbe.

Ndamva kuti ukulemba makalata ku Joni ofunsa za ine, chonsecho kuchoka ku Ngala kufika pano ndi ulendo wa kabaza. Foni yako siyikupezeka, ndiye nanenso ndalemba, poti ndiye mwambo wako.

Zuhura sindinamuuze zonse chifukwa ndi wapakamwa. Iwe ndikuuza. Pali bwana wina wa ku Lilongwe amene akufuna malo aja pa lizi, kubwereka kwa zaka zambiri, kuti amange loji. Ndavomera. Chikalata chimene ndili nacho chimandilola kusaina m'malo mwa amayi pa chilichonse, sichinena za penshoni yokha. Amayi abwera kudzakhala ndi ine. Kuno kuli magetsi, madzi a pampopi, ndipo chipatala chili pafupi.

Usanandiweruze, kaone khoma la kunyanja la nyumba ija. Lang'aluka moti dzanja limalowa. Nyanja ikukwera chaka ndi chaka. Pamene amayi anagwa pakhonde chaka chatha, anakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka masana, kufikira mayi Asha oyandikana nawo atamva kubuula. Amene anathamanga nawo kuchipatala ndi ine. Iwe unamva patapita sabata.

Amayi usawauze. Ndidzawauza ndekha nthawi ikakwana. Nkhalamba ukaiuza zinthu msanga imayamba kudwala.

Nawenso ndakuganizira. Loji idzafuna mlonda, ndipo ndakutchula kale kwa bwanayo. Padzakhala kachipinda. Munthu wosudzulidwa ayenera kukhala ndi pake, sangamagone pamaukonde mpaka kalekale. Koma malo amene sunagwirepo khasu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, usabwere lero kudzawaloza malire.

Ndine mkulu wako,
S. Kalilu

Ngala
2 Meyi 2023

Mlongo wanga Zuhura,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira Idi munadya bwino. Kuno tili bwino. Usipa ndapatsira a Jamali.

Muenvulopu muno ndaikamo kalata imene a Sadick anandilembera. Uwerenge wekha.

Ndinakhala nayo masiku anayi. Lachisanu lake, nditachoka kumzikiti, ndinawawerengera amayi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Ku Dwangwako ndizikayang'ana chiyani, nzimbe?" Anandituma kukaitana mlongo wawo, amalume a Habibu, ku Dwambazi.

Tinakumana tsiku lotsatana ndi Idi. A Sadick anabwera atavala mkanjo watsopano, envulopu ili m'manja. Amalume anawafunsa ngati zimene zinalembedwa m'kalata zinali zoona. Iwo anati n'zoona, ndipo anafotokozanso za khoma ndi za kugwa kwa amayi.

Amalume anati, "Khoma likang'aluka amalimata, sagulitsa mudzi. Malo awa anali a amayi athu, asiyira mlongo wangayu, mawa ndi a Zuhura ndi ana ake. Iwe ndi ine ndife alonda chabe. Unamufunsa mwini wake?"

A Sadick anati, "Ndikanawafunsa akanakana."

"Ndiye unadziwa yankho," anatero amalume. "Bweretsa pepalalo."

Anapereka osavuta. Amalume analipereka kwa amayi. Amayi analiyandikiza kudiso lakumanja, nafunsa ngati kadontho kakuda kapansi kanali chala chawo. Nditavomera, analing'amba pakati, naling'ambanso, n'kuliponya pambaula pamene panali ketulo. Anati, "Ndinakutuma ndalama za bambo ako. Unabweretsa, zikomo. Utumiki watha."

Amalume anawerenga pemphero la Fatiha, tonse tinayankhira. Kenako tinadya. A Sadick anadya bwino, anawonjezeranso mpunga, ndipo pochoka anagwada kutsanzika amayi. Ndinadabwa kuti sanakwiye, koma ndinati mwina nawonso apepukidwa.

Choncho nkhaniyi yatha.

Mawa ndikupita ku Malengachanzi. Mpunga wa m'munda wa Rukiya wacha, ndipo akuchikazi anati ndi bwino ndikakolole ndekha, poti ndi womaliza. Amayi ndawasiya m'manja mwa mayi Asha. Ndikhalako masabata atatu.

Mlongo wako,
Useni

Mayfair
14 Ogasiti 2023

Achimwene a Useni,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino.

Miyezi itatu! Ndinakulemberani mu Juni kukuthokozani, simunayankhe. Ndinati asiyeni, ali pachisoni. Sabata yatha ndakumana ndi mayi wina wa ku Dwambazi amene wangofika kumene kuno. Akuti pamalo pathu azika zikhomo za simenti zinayi, china chili pafupi ndi chimbudzi cha amayi. Akuti njerwa zayamba kale kutsika. Ndipo akuti ku Ngala konse akudziwa kuti mlonda wa lojiyo ndi a Useni.

Ndiye pepala munang'amba lija linali sewero? Munandilembera zokoma, za Fatiha ndi mpunga wowonjezera, kuti ndigone tulo inu mukugawana? A Sadick ndikawaimbira akungoti zonse zili m'dongosolo. Mayi Asha akuti inu simukuoneka.

Ine ndikanatha kubwera ndikanabwera, koma mapepala anga mukuwadziwa. Ndikatuluka sindilowanso.

A Sadick ndimawadziwa kuyambira kale, akagwira chinthu sataya. Koma inu? Kachipinda ka mlonda kakukwanirani kuti amayi akafere pakati pa nzimbe? Ngati ndikunama, ndiuzeni kuti ndikunama. Chete wanuyo ndi amene akundiopsa.

Zuhura

Ngala
4 Seputembala 2023

Mlongo wanga Zuhura,

Asalamu alaikumu. Makalata ako onse awiri ndawapeza. Amayi ali bwino.

Sukunama pa zikhomo. Zilipo zinayi. Njerwanso zilipo.

Ku Malengachanzi ndinakhalitsa. Munda umene anthu awiri amamaliza m'masabata atatu unanditengera miyezi iwiri. Akuchikazi anafuna kundithandiza, ndinakana. Mbande zake anafesa yekha Rukiya asanagonekedwe komaliza. Nditamaliza kudula ndinapuntha, nditapuntha ndinapeta, ndipo nditapeta ndinakhalabe. Ndilibe chifukwa china choti ndikuuze. Ndinalakwa kuwasiya amayi nthawi yonseyo.

Za ulonda, unaziwerenga wekha m'kalata ya a Sadick. Sindinawayankhe. Iwo anatenga kusayankhako ngati kuvomera, n'kuuza anthu. Sindikufuna ntchitoyo.

Nditaona zikhomo ndinapita ku Dwangwa. A Sadick ananditulutsira chikalata m'kabati, chathunthu, cha chidindo chofiira. Limene amayi anang'amba lija linali fotokope. Anati, "Amalume amalamula pamkeka. Kuofesi kumalamula ichi."

Ndinapita kuboma kwa loya wina amene amathandiza anthu osowa, mayi Thokozire. Nditawafotokozera za pambaula, anandifunsa kuti, "Bambo, mukang'amba chithunzi cha munthu, munthuyo wafa?" Anati ngakhale tikanawotcha chenichenicho sizikanakwanira. Amayi ayenera kubwera okha, anene pamaso pa mboni kuti akuchotsa mphamvu zimene anapereka, adinde chala pachikalata china. Kenako chikalata chatsopanocho chikaperekedwe kwa a Sadick, kuofesi ya malo, ndi kwa bwana wa ku Lilongwe uja. Anati lizi isanasainidwe komaliza, nyumba ikadali ya amayi. Ikasainidwa, ndi nkhani ya kukhoti, ya zaka.

Tonsefe, amalume ndi ine, tinkayesa kuti mawu a amayi pamaso pa abale ndi okwanira. Palibe anaganiza zofunsa.

Vuto ndi lakuti amayi akukana kupita. Akuti, "Ine ndikaime pamaso pa alendo n'kumanena kuti mwana wanga ndi wakuba? Zapakhomo zinathera pakhomo. Sadick anamva. Abwera yekha kudzazula zikhomo zakezo." Ndawauza katatu. Kachitatuko anandiuza kuti ndikatunge madzi.

Pachikhomo chimodzi akumangirirapo mbuzi.

Sindingawanyamule mokakamiza. Ndikatero ndafanana ndi amene ndikulimbana nawo. Ukafuna kulankhula nawo, imba pafoni ya mayi Asha masana.

Mlongo wako,
Useni

Dwangwa
9 Okutobala 2023

Kwa Zuhura, ndi kope kwa Useni,

Moni nonse.

Ndamva kuti Useni akuyenda m'maofesi ndi nkhani za m'banja, ndipo Zuhura ukuimba kwa mayi Asha tsiku ndi tsiku kuwavutitsa amayi. Ndikufuna nkhaniyi ithe.

Nonse mukudziwa, ngakhale simufuna kunena, kuti amayi mutu wawo sukugwiranso ntchito. Amaiwala. Amakhala pakhonde n'kumalankhula ndi bambo amene anamwalira zaka zinayi zapitazo. Tsiku lina ananditchula dzina la amalume. Munthu wotere sangadziwe chimene akudinda. N'chifukwa chake pali ine.

Ndalembera a ofesi ya malo kuwadziwitsa kuti pepala lililonse limene Useni angabweretse lodindidwa ndi amayi asalilandire, chifukwa ndi la munthu wosokonekera mutu amene akungogwiritsidwa ntchito.

Lizi tisaina pa 14 Novembala. Galimoto yodzatenga amayi ndi katundu wawo ibwera sabata yotsatira. Useni, uwalongedzere bwino, mbale za dongo uzikulunge m'nsalu.

Mudzandithokoza mvula ikadzagwetsa khoma lija iwo ali kuno.

S. Kalilu

Ngala
6 Novembala 2023

Mlongo wanga Zuhura,

Asalamu alaikumu. Tili bwino, amayi atopa chabe ndi ulendo.

Kalata ya a Sadick ndinawawerengera amayi monga inalembedwera, osachotsa liwu. Anati ndibwereze pamene pakunena za mutu. Ndinabwereza. Anafunsa kuti, "Zimenezi walembanso kuboma?" Ndinati inde.

Kenako anati, "Ndimalankhuladi ndi bambo ako. Iwe sulankhula ndi Rukiya?"

Anapitiriza kuti, "Malo mwina ndikanamusiyira. Mwana akalimbira chinthu, pamapeto umatopa. Koma kundikwirira ndikupuma, ayi. Nditulutsire nsalu yanga yobiriwira."

Tinanyamuka Lachitatu paminibasi. Mayi Thokozire anati tiyambe tapita kuchipatala, dokotala akawaone ndi kulemba kalata. Dokotalayo anali wachinyamata. Anawafunsa kuti lero ndi lachingati. Amayi anati, "Lachitatu. Kodi muofesi muno mulibe kalendala?" Anawafunsa ana awo. Anatchula asanu ndi awiri motsatana, kuphatikizapo anayi amene anamwalira, ndi matenda amene anatenga aliyense. Mmodzi ine sindinkamudziwa. Anabadwa pakati pa ine ndi iwe, anakhala masiku asanu ndi anayi. Dokotala analemba kalata.

Tinagona kwa achibale, ndipo Lachinayi tinapita kwa loya. A Sadick anali ataitanidwa, ndipo anabwera. Anapereka moni kwa amayi, ine ayi. Anayamba kufotokoza kuti amayi sadziwa chimene akuchita. Mayi Thokozire anawalola amalize, kenako anati:

"Bambo Kalilu, tiyeni tigwirizane chimodzi. Ngati mutu wa amayi sukugwira, chikalata chanucho chinasiya kugwira ntchito tsiku limene mutuwo unasiya, chifukwa simungaimire munthu amene sangathenso kukutumani. Ngati ukugwira, ali ndi ufulu wochithetsa lero. Inu mukuti chiti?"

A Sadick anayang'ana kalata ya dokotala, sanaitole. Anatembenukira kwa amayi.

"Amayi, mukundichita zimenezi pamaso pa anthu? Anakusamalani ndani zaka zonsezi? Useni? Zuhura?"

"Iwe," anatero amayi. "Ndipo Mulungu akulipire. Sindinabwere kudzanena kuti ndiwe wakuba. Ndabwera kudzatenga chala changa."

Loya anawerenga chikalata chatsopano m'Chichewa, pang'onopang'ono. Anawafunsa ngati amva. Amayi anati amva. Anawafunsa ngati wina wawakakamiza. Anandiloza ine, nati, "Uyu? Uyu sangakakamize ngakhale nkhuku kulowa m'khola."

Chala chawo chinafufutika mizere chifukwa cha ntchito, moti anadinda katatu kuti chioneke. A Sadick anasiya chikalata chakale patebulo, nasaina kuti alandira chatsopano. Anatuluka osatsanzika. Amayi anawayang'ana mpaka pakhomo.

Kuofesi ya malo chatsopanocho ndinakapereka ndekha tsiku lomwelo, anadinda pakope langa. Kwa bwana wa ku Lilongwe loya anatumiza yekha. Dzulo kwabwera lole kudzatenga njerwa.

Pa 14 sipasainidwa kanthu.

Mlongo wako,
Useni

Mayfair
22 Novembala 2023

Achimwene a Useni,

Waalaikumu salamu. Alihamudulila! Pafoni ya mayi Asha munangoti "zatheka" n'kudula, ine n'kutsala ndikukuwa ndekha m'khitchini mwa eni. Kalatayi ndaiwerenga kanayi. Za mwana wa masiku asanu ndi anayi nanenso sindinkadziwa.

Mundikhululukire pa zimene ndinalemba mu Ogasiti. Pakamwa panga mukupadziwa, panabadwa patsogolo ine pambuyo.

A Sadick sakuyankhanso foni yanga. Asiyeni, mkwiyo suphika ndiwo.

Tsopano mverani. Amayi sangamayende ulendo wa kuboma nthawi iliyonse pakafunika chala. Malo aja ayenera kulembetsedwa m'dzina lawo msanga, wina asanabwerenso ndi tepi. Bwererani kwa mayi Thokozire, alembe chikalata china, mphamvuzo zikhale kwa inu. Muli nawo pakhomo, ndipo ine ndikukukhulupirirani. Amalume ndalankhula nawo, avomera. Musachedwe monga mwa masiku onse.

Za khoma lija, pezani mmisiri, simenti nditumiza ine.

Mlongo wanu,
Zuhura

Ngala
11 Disembala 2023

Mlongo wanga Zuhura,

Asalamu alaikumu. Tili bwino. Mvula yayamba. Khoma tinamata isanagwe, mmisiri akuti lipirira chaka chino, za chaka chamawa sakulonjeza. Za mu Ogasiti usazikumbukirenso.

Sabata yatha ndinapita ku Dwangwa kukagula mankhwala a amayi, ndipo ndinadutsa kwa a Sadick. Sanatuluke. Alamu ndi amene anandilandira, nandionetsa kuseri kwa nyumba. Kuli chipinda chatsopano, chofolera ndi malata, cha zenera lalikulu. M'mbali mwa khoma anaikamo chitsulo chogwirira poyenda, kuchokera pabedi mpaka kubafa. Akuti anamangira ndalama zimene bwana uja anapereka poyamba, ndipo tsopano bwanayo akuzifuna. Ndinawauza amayi zimene ndinaona. Anafunsa ngati chitsulocho chili kudzanja lamanja kapena lamanzere.

Za chikalata chimene ukunena, ndinawafotokozera monga unalembera, ndi kuti amalume avomera. Anakana.

Anati, "Sadick anali mwana wabwino. Ndinamupatsa pepala, linamuuza kuti iye ndiye ine. Lero sabwera pakhomo pano. Ndataya mmodzi, ndisatayenso wachiwiri. Chala changa chizikhala kudzanja langa. Pamene chikufunika, mundinyamule."

Sindinawatsutse. Ndikuganiza kuti sakulakwa. Masiku ena nanenso ndimayang'ana khoma lija n'kuyamba kuwaganizira zochita ndisanawafunse.

Choncho palibe woimira amayi. Pa 19 akufunika kuofesi ya malo kukayamba kulembetsa, ndipo akuti maulendo adzakhala atatu kapena anayi. Ndalankhula ndi kondakitala wina kuti azitisungira mpando wakutsogolo chifukwa cha miyendo. Tsiku limene sadzathanso kukwera minibasi, tidzaona pamenepo.

A Sadick sanafike kuno chichokere kwa loya. Lachisanu lililonse amayi amandiuza kuti ndisese pakhonde ndi kutulutsa mpando wachitatu. Madzulo ndimaulowetsa.

A Sadick ukadzawapeza pafoni, usawanene. Ungowauza kuti amayi akuti mango apsa.

Mlongo wako,
Useni